Msilikali kusiya lupanga nkukayamba zamatsenga: mmene kusintha kalasi kunkayendera mu D&D yakale

Tangoganizani kaye. Muli mkati mwa phanga, anzanu awiri agona pansi magazi okhaokha, wachitatu wathawa, ogre, chimphona chodya anthu, wayima pakhomo ndi chibonga chake. Inuyo m'manja muli ndi kandodo basi, matsenga anu amodzi a tsikulo munawaponya kale m'mawa. Koma mchikwama chanu muli lupanga lomwe munamenya nalo nkhondo zaka zambiri, ndipo mukudziwa bwinobwino kuti mutalisolola chinthu chimenechi sichingatenge nthawi. Vuto ndi limodzi, mukangolisolola XP yonse ya ulendo umenewu, mapointi omwe munthu wanu amakwerera levulo, yapita, madzulo onse mwakhala patebulopo mwakhalira ulele. Ndiye anzanu akukuyang'anani, DM akumwetulira kuseri kwa mapepala ake, inu thukuta kamukamu. Imeneyo ndiye dual-class, kusiya ntchito ina nkuyamba ina, ya mu Advanced Dungeons & Dragons (mwachidule AD&D), ndipo amene anayamba kusewera pa edishoni yachitatu kapena yachisanu ukawafotokozera amaona ngati ukunama.

Kwa amene gemu imeneyi simuidziwa, mwachidule ndi masewera a patebulo, pepala, pensulo ndi madayisi. Munthu mmodzi, DM, amafotokoza dziko ndi zilombo zake, enanu aliyense amayendetsa munthu wake mmodzi wa mnkhanimo. Munthu wanuyo amakhala ndi kalasi, kutanthauza ntchito yake pamoyo: fighter ndi msilikali, magic-user ndi wamatsenga, cleric ndi wansembe womenya nkhondo yemwenso amachiritsa, thief ndi wakuba wotsegula maloko ndi kuzemba. Mukapha zilombo ndi kutuluka ndi chuma mumapeza XP, XP ikakwana mumakwera levulo. Funso lomwe linabwera msanga ndi loti nanga munthu akatopa nayo ntchito yake bwanji? Wamenya nkhondo mpaka levulo 7, pano akufuna kuphunzira matsenga, kodi ang'ambe pepala ayambirenso wina?

Gemu yoyambirira inatuluka mu 1974, ya Gary Gygax ndi Dave Arneson, kampani yake TSR ya ku Lake Geneva ku Wisconsin, timabuku titatu mkabokosi. Makalasi analimo atatu okha, wakuba kunalibe. Ndipo nkhani yosintha kalasi inalimo kale koma mwa mizere yochepa kwambiri, komanso yolembedwa monyinyirika, bukulo likuchita kunena kuti silikulimbikitsa zimenezi. Aliyense wa mnkhanimo amakhala ndi nambala zisanu ndi imodzi zoyeza zinthu ngati mphamvu ndi nzeru zake. Wa mtundu wa anthu enieni, osati mitundu yongopeka ya mgemumo, ankaloledwa kusintha ngati ali ndi 16 kapena kuposa pa nambala yofunikira ya kalasi yomwe akupitayo, mphamvu ngati akufuna usilikali, nzeru ngati akufuna matsenga, ndipo 16 imeneyi ikhale yogwa pa dayisi yeniyeni osati yochita kusuntha mapointi. Wamatsenga sangakhale wansembe, wansembe sangakhale wamatsenga. Basi, lamulo linathera pomwepo. Zoti levulo yakale ipita kuti, zoti lupanga aligwirabe kapena ayi, aliyense patebulo pake ankaweruza yekha.

Chodabwitsa kwambiri mu 1974 ndi elf, umodzi mwa mitundu yongopeka ija. Elf ankaloledwa kusinthasintha pakati pa msilikali ndi wamatsenga mmene angafunire, ulendo uno ndi msilikali, ulendo wamawa ndi wamatsenga, bola asasinthe mkati mwa ulendo umodzi. Ngati munthu wa ntchito ziwiri uja, Lolemba ali ku shopu Loweruka ali ku munda. Koma anamuikira denga, usilikali sapitirira levulo 4, matsenga sapitirira levulo 8. Mitundu ina nayonso, dwarf denga lake linali 6, halfling 4. Anthu anakanganapo zaka pa tanthauzo la mizere imeneyi, kuti kodi tsiku lomwe elf wadzuka ngati wamatsenga wayiwala kugwira lupanga? Nanga HP yake, mapointi a moyo omwe amachepa ukamenyedwa, ndi iti? Ndiye mu 1975 kunabwera kabuku koonjezera ka Greyhawk, komwe kanabweretsa wakuba ndi paladin, msilikali woyera mtima, ndipo mmenemo nkhani ya ma elf inayamba kupendekera kwina, kuti m'malo mosinthasintha azikhala zonse nthawi imodzi XP nkumagawidwa. Apa mpamene panaphukira njira ziwiri zomwe anthu amazisokoneza mpaka lero.

Players Handbook ya AD&D ya mu 1978 ndi yomwe inazilekanitsa bwinobwino. Njira yoyamba, multi-class, ndi ya mitundu yosakhala anthu, ma elf, ma dwarf, ma half-elf ndi enawo. Mumasankha tsiku loyamba lomwe kuti ine ndine fighter/magic-user, kapena fighter/thief, kapena zitatu, ndipo mukhala choncho mpaka imfa. XP iliyonse yobwera imagawidwa mofanana ku makalasi onse, HP mumatenga ya pakatikati. Kumeneku si kusintha ayi, ndi kubadwa ndi mapasa. Njira yachiwiri ndi ya anthu okhaokha, bukulo limangoti munthu wa makalasi awiri, dzina loti dual-class linadzakhazikika pambuyo pake. Apa ndiye pali kusintha kwenikweni, ntchito yakale mwaisiya ndipo simudzakweranso levulo mmenemo mpaka kalekale, mwayamba yatsopano kuchokera pansi.

Malamulo ake ali chonchi. Pa nambala yofunikira ya kalasi yakale mukhale ndi 15 kapena kuposa, pa ya kalasi yatsopano 17 kapena kuposa. Mukasintha, HP yanu yonse mumatsala nayo, thupi ndi lomwe lija, koma zina zonse mwabwerera levulo 1, mumamenya ngati wamatsenga wa levulo 1, zida zake ndi za wamatsenga, kampeni, timikondo toponya ndi ndodo, zovala zachitsulo vulani. HP yatsopano simuonjezera ngakhale imodzi mpaka levulo yatsopano itapitirira yakale. Ndipo pa nthawi yonseyi mukagwiritsa ntchito luso lakale, XP ya ulendo umenewo simulandira. Tsiku lomwe levulo yatsopano yadutsa yakale, chitseko chatseguka, zonse ziwiri ndi zanu, kungoti matsenga simungaponye mutavala chitsulo.

Tiyambe ndi 17 uja chifukwa anthu amamuona ngati kanambala wamba. Kale nambala zimenezi zinkachokera pa madayisi atatu a mbali 6. Madayisi atatu angagwe m'njira 216, ndipo mwa zimenezo zopereka 17 kapena 18 ndi 4 zokha. Zopereka 15 kupita mmwamba ndi 20. Ndiye ngati mukuponya motsatana, mphamvu kenako nzeru osasankha kuti iyi ipite apa, mwayi woti mupeze 15 pa mphamvu komanso 17 pa nzeru ndi pafupifupi kamodzi pa maulendo 580. Mutha kusewera moyo wanu wonse osamuona munthu wotero. Dungeon Masters Guide ya mu 1979 inapereka njira zofewerapo, yotchuka ndi ija yoponya madayisi anayi nkutaya laling'ono kenako nkuika nambala pomwe mukufuna. Pamenepo zinthu zimasintha ndithu, mwayi woti imodzi mwa nambala zisanu ndi imodzi ifike 17 umakhala pafupifupi 3 pa 10. Komabe onani apa pali chinyengo chake, 17 uja simungamuike pa kalasi yomwe mukuyamba nayo, muyenera kumuika pa yomwe mudzapiteko chaka chamawa. Kutanthauza kuti lamulo lomwe limaoneka ngati nkhani ya munthu wosintha maganizo pakati pa moyo, kwenikweni linkafuna kuti muganize zonse tsiku loyamba musanalembe ndi dzina lomwe. Msilikali wa nzeru 17 ndi mphamvu 15, aliyense patebulo ankadziwiratu kuti uyu akudikira tsiku lake. Ine apa ndi pomwe ndimaona kuti lamuloli linadziwombera lokha.

Tsopano masamu a XP, ndipo apa khalani nane chifukwa mpamene pagona nkhani. Poyang'ana koyamba kubwerera levulo 1 kumaoneka ngati chilango choopsa, ngati munthu wa fomu 4 kumubweza sitandade 1. Koma matebulo a XP akale ankayenda mowirikiza. Msilikali wa mu edishoni yoyamba ya AD&D amafuna XP yopitirira 2,000 kuti afike levulo 2, kenako 4,000, kenako 8,000, kenako 18,000, 35,000, 70,000 pa levulo 7, 125,000 pa levulo 8, ndi 250,000 pa levulo 9. Wamatsenga amayamba ndi 2,500, amafika levulo 7 pa 60,000, levulo 8 pa 90,000, levulo 9 pa 135,000. Ndiye tengani asilikali awiri onse a levulo 7, onse ali ndi 70,000. Mmodzi wapitiriza usilikali, winayo wasintha. Wosinthayo akufunika 90,000 kuti akhale wamatsenga wa levulo 8 ndi kutsegula lupanga lake lija. Pa nthawi yomweyo mnzake uja naye walandira 90,000 yake, wafika 160,000, ndipo 160,000 kwa msilikali ndi levulo 8 basi. Mwaona? Mnzake wakwera sitepe imodzi yokha, iye wakwera masitepe asanu ndi awiri a matsenga ndipo usilikali wake wa levulo 7 ulipobe.

Tiwaike onse pamzere pa 160,000 yomweyo, osawerengera mabonasi. Msilikali weniweni ali pa levulo 8, dayisi lake ndi la mbali 10, HP yake ili cha m'ma 44. Wamatsenga weniweni yemwe sanagwirepo lupanga ali pa levulo 9, dayisi lake ndi kaja ka mbali 4, HP cha m'ma 22, mphepo ikaomba agwa. Wosintha uja ndi msilikali 7 komanso wamatsenga 8, HP cha m'ma 41. Wataya levulo imodzi ya matsenga nkupeza thupi lowirikiza pafupifupi kawiri. Nanga elf wa multi-class? Iye 160,000 yagawidwa pawiri, 80,000 uku 80,000 uku, ali pa 7 ndi 7, HP cha m'ma 28, ndipo levulo 7 ya usilikali imeneyo ndi denga lake, komanso amafikapo pokhapokha ngati mphamvu zake ndi 18. Chowawa nchoti akagunda dengalo XP imapitirirabe kugawidwa, theka likungothiridwa mu chidebe chodzadza kale. Ndiye amati mapanga awiri avumbwitsa, koma mu AD&D mapanga awiri ankavumbwitsa elf, munthu ankatuluka wouma.

Chinanso chomwe chimathamangitsa wosinthayo nchoti mu gemu yakale XP yambiri inkachokera ku chuma, ndalama imodzi ya golide XP imodzi. Gulu la levulo 7 likalowa mphanga silituluka ndi makobidi, limatuluka ndi masauzande, ndiye gawo la munthu mmodzi lokha limatha kupitirira 2,500 ija usiku umodzi. Wamatsenga wamba wa levulo 1 amavutikira 2,500 imeneyo miyezi, ali ndi HP 2 kapena 3, khoswe wamkulu atha kumupha. Uyu akuyenda kumbuyo kwa zimphona ali ndi HP pafupifupi 40.

Koma musafulumire kunena kuti ndi zaulere. Buku la DM linali ndi mabuleki ake omwe matebulo ambiri ankangowadumpha. Simungakwere malevulo awiri nthawi imodzi, XP ikakwana imaima kaye mpaka mukaphunzitsidwe, ndipo maphunzirowo amalipiridwa, golide 1,500 kuchulukitsa ndi levulo yomwe muli, pa sabata iliyonse, ndipo masabata amatha kukhala kuyambira imodzi mpaka anayi kutengera mmene DM waonera kuti mwasewera bwanji kalasi yanu. Kuchoka levulo 1 kukafika 8 ndi maphunziro kasanu ndi kawiri, ndipo ngakhale DM atakukomerani mtima nkumakupatsani sabata imodzi imodzi, zonse pamodzi ndi golide 42,000. Ndiye ngati DM akutsata buku, wosinthayo akhala maulendo osachepera asanu ndi awiri ali mgoli, ndalama zonse zikuthera kwa aphunzitsi. Ngati mumakumana kawiri pamwezi ndipo ulendo umodzi umatenga masiku angapo okumana, chimenecho ndi chaka cha moyo weniweni.

Ndipo chaka chimenecho amalipira si iye yekha. Apa ndi pomwe mabuku sanena. Gulu linali ndi msilikali woyima kutsogolo, lero palibe. Yemwe ankatseka khomo pano wayima kumbuyo atagwira ndodo, wansembe ndi amene akulandira zibonga, wakuba akudandaula kuti gawo la chuma tikugawana mofanana chonsecho mnzathuyu sakugwira ntchito. Ine ndinakhalapo patebulo pomwe mkangano wa usiku wonse unali woti kodi kuthyola chitseko ndi phewa ndi luso la msilikali kapena ndi thupi chabe. Wosinthayo akuti minofu sinachoke, DM akuti mwagwiritsa ntchito usilikali, wina akutsegula buku kufunafuna tsamba, tiyi mpaka anazizira. Sabata yotsatira funso linali la chishango, kuti akangochinyamula osamenya nacho walakwa? Nanga akamuponyera mnzake lupanga? Nanga akagwidwa pakhosi nkumenya chibakera mwadzidzidzi, chibakeracho nchamsilikali wa levulo 7 kapena cha wamatsenga wa levulo 1? Lamulo limafuna kuti munthu ayerekeze kuti wayiwala zomwe akuzidziwa, ndipo kuyerekeza kumeneko kulibe malire ooneka.

Ena amaliteteza lamuloli kuti silikunena za kuyiwala, likunena za kuphunzira. Kuti XP ndi zomwe waphunzira pa ntchito yako, ndiye ngati vuto lililonse ukulithetsa ndi lupanga palibe chomwe waphunzira pa matsenga. Ine ndimagwirizana nazo pang'ono, ndipo kunena zoona mphindi ija ya mphanga ndi ogre ndi imodzi mwa zokoma kwambiri zomwe gemu yakale imatha kutulutsa, chifukwa kusankhako kumawawa zenizeni, mnzako afe kapena XP yako ipite. Koma kulanda XP ya ulendo wonse chifukwa cha kusolola lupanga kamodzi kunali kuonjeza. Edishoni yachiwiri ya mu 1989, yomwe anatsogolera David Cook, inafewetsa, mumataya XP ya nkhondo imeneyo ndi theka la ya ulendo wonse, ndipo inanenanso kuti musanasinthe mufike kaye levulo 2. Manambala a 15 ndi 17 anatsala momwemo. Mu edishoni imeneyi kugwa kwake kumaoneka poyera pa THAC0, nambala ija yomwe mumafuna pa dayisi la mbali 20 kuti mumenye mdani wa AC 0, AC kukhala nambala ya chitetezo chake, msilikali wa levulo 7 ali pa 14, akasintha wabwerera pa 20.

Pali kalasi imodzi yomwe inamangidwa yonse pa kusinthaku, bard wa mu edishoni yoyamba, yemwe anamubisa kumapeto kwa buku ngati chinthu chochititsa manyazi. Kuti mukhale woyimba ameneyu muyambe ngati msilikali mpaka levulo 5, 6 kapena 7, musinthe mukhale wakuba mpaka levulo 5 kufikira 8, kenako mupite kwa ma druid, ansembe a zachilengedwe, mukaphunzire, pamenepo ndiye mwakhala bard wa levulo 1. Ndipo mukhale ndi 15 pa zinthu zinayi, mphamvu, changu, luntha lomwe wansembe amadalira ndi chikoka, kuphatikiza 12 pa nzeru ndi 10 pa thanzi. Zonsezi kuti mugwire zeze. Oseketsanso nchoti half-elf ankaloledwa kukhala bard, chonsecho kusintha kalasi buku lomwelo linati ndi kwa anthu okha, ndiye mafunso ake anthu amakanganabe. Edishoni yachiwiri inangomupanga bard kukhala kalasi wamba yoyambira pa levulo 1.

Kunalinso kusintha kosafuna. Paladin akachita choipa mwadala amatsika nkukhala msilikali wamba ndipo sabwereranso, ranger, msilikali wa mnkhalango, nayenso akasiya ubwino chimodzimodzi. Uku sikufuna 17 ayi, kumangofuna tsiku limodzi loipa ndi DM wokumbukira.

Nanga nchifukwa chiyani anthu okha? Gygax sankabisa kuti dziko la gemu yake ankalifuna lolamulidwa ndi anthu. Elf amaona mumdima, tulo ta matsenga sitimugwira kawirikawiri, amakhala zaka mazanamazana, ndiye popanda chomuletsa aliyense akanasankha elf ndipo mafumu onse a mdzikomo akanakhala ma elf. Yankho lake linali denga la malevulo kwa enawo, pomwe munthu alibe denga komanso ali ndi ufulu wosintha ntchito. Pa nkhani yake zimamveka mozondoka ndithu, wa moyo wa zaka 1,000 ndi amene sangasinthe ntchito, wa zaka 70 ndi amene akusintha. Ena amati nchifukwa choti wa moyo wautali ali ndi nthawi yophunzira ziwiri pang'onopang'ono pomwe munthu amathamanga ndi chimodzi, chabwino, koma chimenecho ndi chifukwa chopeka pambuyo, choyamba chinali kulinganiza gemu.

Mbali inayo ya D&D, ya Basic, inangodula nkhani. Mu bokosi la mu 1981 lomwe anakonza Tom Moldvay, elf ndi kalasi payokha, msilikali ndi wamatsenga mthupi limodzi, amafuna XP 4,000 kuti afike levulo 2 pomwe msilikali akufuna 2,000, ndipo amathera pa levulo 10. Zosintha mulibe. Mwatopa naye munthu wanu, ponyani madayisi ena. Ndipo poti anthu a levulo 1 ankafa ngati ntchentche, mwayi woyesa kalasi ina unkabwera wokha osaupempha.

Magemu ena a nthawi imeneyo anaona vutoli nkulilambalala. RuneQuest ya mu 1978 inalibe makalasi nkomwe, luso lililonse lili ndi peresenti yake ndipo limakula mukaligwiritsa ntchito. Koma yomwe ine imandisangalatsa ndi Warhammer Fantasy Roleplay ya Games Workshop ya mu 1986, chifukwa inatenga chinthu chomwe AD&D inkachiona ngati chachilendo nkuchisandutsa msana wa gemu yonse. Mmenemo mumayamba ndi ntchito yonyozeka, wogwira makoswe ndi kagalu kake kolusa, wopemphapempha, woyendetsa bwato, ndipo ntchito iliyonse ili ndi makomo ake otulukira opita ku ntchito zina. Mumalipira XP, mumapeza zida za ntchito yatsopanoyo, mwasamuka, ndipo zomwe munaphunzira kale palibe akukuuzani kuti muziyiwale. Munthu wanu akakalamba pepala lake limaoneka ngati CV ya munthu yemwe wayenda.

Ambiri a ife dual-class tinakumana nayo pa kompyuta osati patebulo. Baldur's Gate ya BioWare ya mu 1998 inamangidwa pa edishoni yachiwiri, ndipo mu gawo lachiwiri la mu 2000 Imoen, mmodzi mwa anzanu a mgemumo, mumamupeza atasintha kale, wakuba wa levulo 7 yemwe pano ndi wamatsenga. Kompyuta inachotsa mkangano wonse uja wa chitseko ndi phewa, luso lakale imangolitseka, batani silidinika mpaka levulo ipitirire, kuyesedwa kosolola lupanga kulibe. Inachotsanso madayisi chifukwa mutha kuponya kambirimbiri mpaka 17 atabwera, inachotsa golide 42,000 wa aphunzitsi, ndipo anzanu odandaula patebulo kulibe, alipo ndi zithunzi zomwe sizitopa. Chotsala ndi masamu okhaokha aja, ndipo masamuwo tawaona kale kuti amakomera wosintha. Nchifukwa chake kensai, msilikali katswiri wa chida chake, wosanduka wamatsenga anatchuka chonchija, anthu nkumakangana kuti asinthe pa levulo 9 kapena adikire 13. Kensai saloledwa kuvala chitsulo, wamatsenga nayenso savala, ndiye chilango cha uyu chimabisala mkati mwa chilango cha uyo, simutaya kanthu.

Kampani ya Wizards of the Coast itagula TSR mu 1997 inadzatulutsa edishoni yachitatu mu 2000, ndipo njira ziwiri zija inaziphatikiza. Tebulo la XP limodzi la aliyense, mtundu uliwonse uloledwa, levulo iliyonse mukakwera mumasankha kuti iyi ndiika ku kalasi iti, denga palibe, kuyiwala palibe. Chilango chinatsala ndi cha 20 peresenti ya XP ngati makalasi anu atalikirana kwambiri, kupatula kalasi yomwe mtundu wanu umaikonda. Zinaphweka, koma masamu anatembenuka. Msilikali wa levulo 7 akafuna matsenga, levulo yake yoyamba ya matsenga amaigula pa mtengo wa levulo 8, ndipo sadzawapezanso anzake amatsenga enieni, adzakhala kumbuyo ndi malevulo asanu ndi awiri mpaka mapeto. Lamulo lakale lankhanza lija linkamulola kuthamanga nkuwapeza, latsopano lachifundoli ayi. Chomwe chinachuluka m'malo mwake ndi kutola levulo imodzi apa ziwiri apo, ichi chakoma ichi chakoma, munthu wa makalasi asanu yemwe ukamufunsa kuti ntchito yako nchiyani sangayankhe. Edishoni yachisanu ya mu 2014 inabwezeretsa kachipata, mukhale ndi 13 pa nambala yofunikira ya kalasi yakale ndi yatsopano, ndipo pa madayisi anayi otaya limodzi aja 13 ndi nambala ya tsiku ndi tsiku.

Ine ndikamayendetsa AD&D pano 17 uja ndimamutsitsa kufika 15, chilango ndimatenga cha mu 1989, koma maphunziro ndi golide wake sindichotsa ngakhale munthu alire bwanji, ndipo asanasinthe ndimafunsa kaye tebulo lonse ngati avomera kuyenda miyezi ingapo opanda woyima kutsogolo. Za chitseko tinagwirizana kuti phewa ndi phewa, athyole. Chishango ayi.